Mmene Gologolo Anazungulizira Apongozi Ake ndi Phulusa

Padangotero, ndipo ndikhulupirira muli nane, nyama zinaphunzira gofu. Zinaphunzira mozemba, posuzumira m'tchire pamene anthu ankasewera, ndipo timipira timene anthuwo ankataya tinapeza eni ake atsopano. Ndodo zinkasema kuchokera ku mizu yokhota ya nsungwi. Masewerawo ndi osavuta kuwafotokoza: umamenya kampira mpaka kalowe m'dzenje, kenaka n'kupita ku dzenje lina, ndipo wopambana ndi amene wamenya kochepa. Koma malamulo ake, abale anga, nyamazo zinawakonda kuposa masewera enieniwo.

Lamulo lalikulu linali loti kampira ukamenyere pomwe kagwera. Kakagwa paminga, iwe lowa m'mingamo. Chifundo chinalipo chimodzi chokha. Malo oonongeka amene akukonzedwa ankazunguliridwa ndi mzere wa phulusa, ndipo kampira kakagwa m'kati mwa mzerewo mwini wake ankakatola, n'kutuluka nako kunja, n'kukagwetsa kuchokera pabondo popanda chilango.

Wothira phulusalo anali Gologolo. Ankayenda ndi thumba paphewa, mchira uli mbuu, ndipo pakamwa pake sipankatseka. Anali mkamwini kwa a Mfuko, nkhalamba yokumba pansi, imene nyumba yake inali pansi pa bwalo lomwelo gofu asanabwere n'komwe. Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, koma uyu anali atatha zaka zambiri osaterereka. Apongozi akewo ankawakonda kwambiri, ngakhale kuti sanawauzepo, poti mawu otere mkamwini sanena.

Vuto linali timilu ta dothi. A Mfuko akakumba, dothi ankalitulutsira pamwamba, ndipo sankasankha malo. Chaka chathacho kampira ka Njati, amene anali Kaputeni wa bwalo, kanagunda kamulu kotere pafupi ndi dzenje lomaliza n'kupatuka, chikho n'kupita kwa Ngoma. Njati anakhala nayo nkhaniyi kukhosi chaka chathunthu. Mpikisano wina utayandikira, anaitanitsa komiti.

"Mpikisano wa masiku atatu ukangotha, a Mfuko asamuke," anatero Njati. "Tsidya la mtsinje malo alipo."

"Tsidya lija ndi miyala yokhayokha, a Kaputeni," anatero Gologolo. "Akakumba ndi chiyani? Mano anatha, maso alibe. Sakatha mwezi ali moyo."

"Bwalo lino si munda wa mbatata. Ndanena."

Pambali panali Nang'omba, woweruza wa malamulo. Ntchito yake inali imodzi. Kaputeni akagamula kanthu pamaso pa mboni, Nang'omba ankameza mawuwo n'kuwasunga m'kathumba kake kofiira ka pakhosi, ndipo mawu omezedwa sankabwezedwa. Tsiku limenelo anameza, Gologolo akuona.

Kunyumba anauza mkazi wake Nambewe. Nambewe anati, "Atate musawauze. Akamva adwala."

"Sindiwauza."

"Nanga muchita chiyani? Njati simungalimbane naye."

"Kulimbana naye ayi. Ndikufuna ndimuthandize apambane."

Nambewe anamuyang'ana ngati wadya bowa wolakwika, koma anali atakhala naye nthawi yokwanira, choncho sanafunse zambiri.

Gologolo anapita pakhomo pa una wa apongozi ake. Anakhala cham'mbali monga mwa mwambo, naomba m'manja.

"Odi, apongozi."

"Akamwini, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu. A Kaputeni andituma. Akuti pabwalo pali malo ena ouma ofunika kufewetsa. Masiku atatu akubwerawa, mukamva nyimbo yokuitanirani kudya ija, mutulukire pomwe ndaima."

Nyimboyo inali ya Nambewe. Ankaiimba akaphula ndiwo, akugunda pansi ndi chidendene kuti bambo ake amve kunsiko. Inkanena kuti ndiwo zapsa ndipo mwana akuitana, wa pansi akwere, asachite manyazi ndi dothi la pamphuno. Poyankhira pake pankabwerezabwereza kukwerako katatu, mawu akunka nakwera.

"A Njati anena zimenezo?" anafunsa a Mfuko.

"Eya, apongozi."

"Asintha a Njati masiku ano," inatero nkhalambayo. "Chabwino, ndamva."

Tsiku loyamba linafika. Gologolo ankadziwa chinthu chimene aliyense ankachidziwa koma osachitchula: pa dzenje lachisanu Njati sankatha kumenya molunjika. Mphamvu anali nazo zogwetsa nyumba, koma kampira kake kankakhotera kudzanja lamanja, kumene kunali chitsamba cha chitedze. Tsiku limenelo sanakhumudwitse. Anamenya, kampira kanauluka, n'kukalowa m'chitedze mwenimweni.

"Ndikaone pomwe kagwera," anatero Gologolo, nathamanga.

Atafika anaimba nyimbo ya Nambewe, akugunda pansi ndi phazi. Mawu a Gologolo poimba anali oti nkhuku zikamva zimasiya kuikira, koma asanamalize poyankhira dothi linatukuka, kamulu n'kutumphuka pansi pa chitsamba. Iye anamasula thumba n'kuzunguliza chitsamba chonsecho ndi phulusa, poti dothi latsopanolo linali umboni woti pamalopo pakukonzedwa.

Njati anafika akudzikanda kale, chitedze chisanamukhudze. Kumbuyo kwake kunali Ngoma, amene ankasewera naye, ndi Nang'omba akuyenda ngati wopita kumaliro.

"Mwayi wanu, a Kaputeni," anatero Gologolo. "Malo okonzedwa."

Ngoma anawerama, nanunkhiza mzerewo. "Phulusa ili likadali lofunda. M'mawa uno ndadutsa pano, panalibe mzere."

"Ine sindidziwa malamulo, ndimangothira," anatero Gologolo. "A Kaputeni ndiwo angatiuze ngati mzere watsopano uli mzere."

Njati anayang'ana chitedze, nayang'ana mzere. "Mzere ndi mzere, kaya wathiridwa chaka chatha, kaya pompano. Chili m'kati ndi malo okonzedwa."

Nang'omba anameza. Kampira anakakoka ndi ndodo, Njati n'kukagwetsa kuchokera pabondo pa udzu wabwino, ndipo tsiku limenelo anamaliza ali patsogolo. Madzulo anamugunda Gologolo pamsana mwachikondi mpaka anagubuduka kawiri.

Tsiku lachiwiri Njati anadabwitsa anthu, anadutsa dzenje lachisanu bwinobwino. Gologolo anaona kuti mpata wothira phulusa wamudutsa. Koma pa dzenje lachisanu ndi chiwiri kampira kanapita kumene Mvuu anadutsa nthawi ya mvula, n'kugwera m'chidindo cha phazi lake, m'matope, pansi pa chipika chowola. Gologolo anathamangirako n'kuyamba kuimba.

Anaimba kamodzi, dothi lili zii. Anaimba kachiwiri, akumva kale mapazi a Njati. Malowo anali kutali ndi nyumba ya nkhalamba, ndipo Gologolo anadzimvera chisoni kuti akuthamangitsa munthu wamkulu chotere. Anaimba kachitatu mokuwa, mpaka mbalame zinathawa mumtengo. Pamenepo kamulu kanatukuka pambali pa chipika, kamphuno kofiira n'kuonekera pang'ono kakupuma wefuwefu.

"Pepani, apongozi," ananong'ona Gologolo.

"Thirani phulusa lanu, akamwini, akubwera," inatero nkhalamba, n'kubwerera pansi.

Ngoma atafika anapukusa nyanga zake zazitali. "Mwayi wa a Kaputeni ukundichititsa nsanje. Koma apa nkhani ndi yaing'ono. Tikankhe chipikachi, kamuluka tikasalaze ndi phazi, amenyere pomwepo."

Njati anasuzumira m'chidindomo. Kampira kanali kumira m'matope, kakungooneka pamsana. Kumenyera pamenepo kunali kumenya kanayi ndi kusamba matope.

"M'kati mwa phulusa simuchotsedwa kanthu," anatero. "Chimatuluka ndi kampira basi."

"Nanga chamoyo, a Kaputeni?" anafunsa Gologolo mwaulemu. "Pachipikapa pakhala chule."

"Ndati kanthu. Chakufa, chamoyo, chule ndi mbumba yake, zonse zikhale pomwe zili."

Nang'omba anameza, ndipo kathumba kake kanayamba kulendewera. Gologolo anabisa nkhope kuseri kwa mchira kuti asamuone akumwetulira. M'mutu mwake ntchito inali itatha. Mawu awiri anali m'khosi mwa woweruza, ndipo chotsala chinali choti Njati atenge chikho, kuti adzaope kuwabweza.

M'mawa wa tsiku lachitatu kunagwa mvula, mizere yonse n'kufufutika, ndipo thumba la Gologolo linali pululu. Anayenda khomo ndi khomo kupempha phulusa. Amayi a m'mudzi anamukana. Wina anati lanyowa, wina anati, "Chaka chonse mwatipala m'mafuwa, therere tiphika ndi chiyani?" Anabwerera kunyumba mchira ukukwekwereza pansi.

Nambewe analowa m'nyumba n'kutulutsa kamphika kophimba bwino. Munali phulusa la zitsononkho limene ankasungira chidulo, loyera bwino, losefa ndi manja ake.

"Lomaliza ili," anatero. "Mukaliwaza mwachibwana, musabwere kuno."

"Mayi, ndiligawa pawiri ngati mankhwala."

Pofika dzenje lachisanu, Ngoma anali atamupeza Njati, akufanana. Njati anapuma mwamphamvu, analimbitsa miyendo, namenya ndi mtima wake wonse, ndipo kampira kanapita kwawo kuchitedze ngati ng'ombe yodziwa khola.

Gologolo anathamanga n'kuimba. Dothi silinagwedezeke. Anaimbanso, akugunda pansi ndi mapazi onse awiri. Anaimba kachitatu, kachinayi, mawu anasasa. Apa mantha anamugwira, ndipo sanali mantha a chikho. Anakumbukira kupuma kwa dzulo kuja, naganiza kuti mwina wapha apongozi ake ndi liwiro pofuna kuwapulumutsa. Anafuna kuponya thumba n'kuthamangira kunyumba, koma nyanga za Njati zinali zitaonekera. Misozi ili m'maso, anathira theka la phulusa motsatira mzere wakale, kuzungulira kamulu ka dzana kamene mvula inali itakaphwasula.

Ngoma anafika, nayang'ana bwinobwino. "Lero ndiye ayi. Dothi latsopano palibe. Kamulu aka n'ka dzana, ndipo kasalala kale. Ntchito inatha pano. Fafanizani mzerewu, a Kaputeni alowe."

Njati anayang'ana chitedze chonyowa chija, chikulendewera ndi ubweya wake, ndipo khungu lake linanjenjemera lokha.

"Mwaimaliza ndinu?" anafunsa Njati. "Mumakumba ndinu? Amene anganene kuti ntchito yatha ndi wokonza yekha. Mwawamva a Mfuko akunena kuti amaliza?"

"Sindinawamve."

"Ndiye sinathe."

Nang'omba anameza kachitatu. Gologolo sanalabadire n'komwe, maganizo ake anali pansi pa nthaka. Masewera anapitirira, ndipo pa dzenje lomaliza Njati anapambana Ngoma ndi kumenya kumodzi kokha. Nyama zinaimba nthungululu, chikho chinaperekedwa, Njati n'kuchikumbatira ngati mwana wobadwa kumene.

Pamene ena ankavina, Gologolo anali atafika kale pa una wa apongozi ake. Mwambo wokhala cham'mbali anauiwala, analowetsa mutu wonse.

"Apongozi, muli moyo?"

"Nanga ndife lero chifukwa chiyani?" anayankha mawu kunsiko, akutafuna chinangwa.

Gologolo anakhala pansi. Analibe nthawi yofunsa zambiri, chifukwa Njati ankabwera ndi komiti yonse, chikho chili m'khwapa. Anathira phulusa lotsala kuzungulira una, mzere woonda koma wosaduka, n'kukung'untha thumba.

"A Mfuko, tulukani," anatero Njati. "Nthawi yosamuka yakwana."

Kenaka anaona mzere uja, naima.

"Ichi n'chiyani?"

"Malo okonzedwa, a Kaputeni."

"Wathira pompano iwe. Manja ako akadali oyera."

Gologolo anatembenukira kwa Nang'omba. Woweruzayo anatambasula khosi, natulutsa mawu a tsiku loyamba ndi liwu lake lakuya: mzere ndi mzere, kaya wathiridwa chaka chatha, kaya pompano.

"Chabwino. Mzere ukhale, koma nkhalambayo muitulutse."

Nang'omba anatulutsa a tsiku lachiwiri: m'kati mwa phulusa simuchotsedwa kanthu, chakufa kapena chamoyo.

Njati sanali wopusa, anangokhala wamkulu thupi. Anayang'ana Gologolo kuchokera kumakutu mpaka kumchira, ndipo pang'onopang'ono anayamba kumwetulira.

"Wachenjera, mkamwini. Koma waiwala kuti Kaputeni ndine. Ndikulengeza kuti ntchito yokonza pano yatha. Bweretsani tsache, musese phulusali, kenaka titulutse munthu."

Gologolo anayang'ana mzere wake woonda uja. Zimenezi sanaziganizire. Masiku onsewa ankadzitama mumtima kuti msampha wake ulibe potulukira, ndipo potulukira pake panali poonekeratu ngati khomo la khola. Wina anali atabwera nalo kale tsache.

Nang'omba anatsokomola. "Pepani, a Kaputeni, m'khosi muno mwatsala mawu ena, a lero lomwe. Amene anganene kuti ntchito yatha ndi wokonza yekha."

Onse anayang'ana pa una. Kamphuno kofiira kanatuluka, dothi lili pamwamba pake.

"A Mfuko," anatero Njati, mawu akulemera, "ntchito yanu pano mwamaliza?"

"Kumaliza, a Kaputeni? Ndangoyamba kumene. Bwalo lanuli ndi loonongeka kwambiri."

Nyama zinagwa nacho chiseko. Njati anafwenthera mwaukali, nanena kuti mawu atatu onsewo awabweza, anali mawu a pamasewera chabe.

"Bwezani," anatero Ngoma modekha. "Mukabweza, ndiye kuti katatu konse munatola kampira popanda chilolezo. Ndipatseni chikhocho, ndi changa."

Njati anachifinya chikho m'khwapa.

"Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka," anapitiriza Ngoma. Kenaka anayang'ana Gologolo. "Ndipo iwe usaganize kuti sindinkakumva ukuimba. Dziko lonse linkakumva. Chikho ndamwera kale kangapo, nkhalamba ndi imodzi. Koma chaka chamawa ukadzaimbanso kutsogolo kwanga, ndidzakupachika panyanga."

Njati anazungulira mzerewo kamodzi, kufunafuna podukira, koma sanapapeze. Pomaliza anaseka yekha, chifukwa munthu amene wanyamula chikho savutika kukhululuka.

"Akhale," anatero. "Koma tsiku limene ndidzapeze mzerewu wafufutika, tsiku lomwelo adzaoloka mtsinje. Nang'omba, mezani."

Nang'omba anameza, ndipo onse anabwerera kumadyerero. Pa una panatsala awiri. Gologolo anakumbukira ulemu, nakhala cham'mbali.

"Apongozi, ndinakunamizani. A Kaputeni sanandituma."

"Ndikudziwa. Komiti yanu imakhala pamwamba pa nkhokwe yanga. Tsiku limene a Njati ankagamula, dothi linkandigwera m'mbale."

"Ndiye munkadziwa zonse?"

"Maso ndilibe, akamwini, koma mawu onse amatsikira pansi."

Gologolo anakanda khutu. "Nanga lero bwanji simunabwere? Ndinaimba kanayi. Ndinkayesa mwafa."

"Ndinali pansi pa mapazi anu, ndikumva. Ndikanatulutsa dothi latsopano, a Ngoma akanati ntchito yatha? A Njati akanayankha zimene anayankha zija? Msampha wanu unali wabwino, koma unalibe chitseko. Ndinati ndikuikireni."

Gologolo anafuna kukwiya, koma sizinatheke. Iye amene ankadziyesa wochenjera pa bwalo lonse anali atasenzedwa ndi nkhalamba yosaona, ndipo mumtima mwake munadzaza chimwemwe chosaneneka.

"Koma mwadzimangirira," inatero nkhalambayo, mawu atatsika. "Phulusa limapita ndi mvula, limapita ndi mphepo. Mudzathira m'mawa uliwonse, osapita kutali, osagona paulendo, mpaka ine nditatsikira kumene sakwerako. Ndi katundu wolemera kwa mwana wa eni. Mukafuna, ndinene kuti ntchito yatha, mumasuke."

"Mukadzanena mawu amenewo, apongozi, ndidzauza Nambewe kuti munadya mbewu yake ya mtedza."

A Mfuko anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anatulutsa chidutswa cha chinangwa, nachithyola pakati.

"Tembenuka, mwana wanga, undiyang'ane. Tidyere limodzi."

Gologolo anatembenuka, nalandira ndi manja awiri.

Mpaka lero mukafunsa Mfuko ngati wamaliza, adzakuuzani kuti wangoyamba kumene, ndipo Gologolo mudzamuona m'mamawa akuthamanga ndi mchira wotuwa. Yanga yathera pomwepa, wina atole ndodo amenye yake.